A Mwangosi ndi Ng'ombe ya Theka

Uthenga wa maliro a bambo Lameck Mwangosi unandipeza ndikupeta nyemba pakhomo panga ku Ntcheu. Anaimba foni ndi mwana wawo wamkazi, Tusekile. Anati bambo anadya mbalagha yawo masana, nthochi zophika ndi nyama zija ankazikonda moyo wawo wonse, kenaka anakakhala pampando wa pakhonde kuti apumule, osadzukanso. Sanavutike, sanavutitse munthu.

Ndinalira ndithu. Koma ndisakunamizeni, mtima wanga unapepukanso. Nkhalamba ija inkaopa chipatala kuposa ng'ona, ndiye Mulungu waikomera mtima poitengera pampando pake. Ndiponso pali nkhani ina imene tinaisunga anthu atatu kuyambira masiku a chipani chimodzi. Bwana Makwinja, amene anali mkulu wa ofesi yathu, anatsogola kalekale. Zinthu zitasintha m'dziko ndinawauza a Mwangosi kuti tsopano tikhoza kuinena, koma anakana, amvekere mantha atha inde, koma manyazi sachoka ndi voti. Lero ndatsala ndekha, ndipo ndiinena, chifukwa ine sindinaonepo chamanyazi m'nkhaniyo.

Ndinawadziwa nditatumizidwa ku Karonga ndili mtsikana, nditangophunzira kutaipa. Ofesi yathu inkachita kafukufuku wa zaulimi. Alembi ankayenda m'midzi ndi mafomu, kufunsa khomo ndi khomo, ndipo mkulu wa alembiwo anali a Mwangosi. Tonse tinkawatchula kuti Adada. Anali aatali, oonda, ndipo ankamanga tayi tsiku lililonse m'dziko lotentha limene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. M'thumba la malaya munkakhala mapensulo atatu osongoledwa ndi lumo. Inki ankaikana. Ankati alembe ndi inki munthu amene sanalakwitsepo, ndipo munthu woteroyo iwo anali asanakumane naye.

Tsiku loyamba anandifunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinali Nachisale mpaka imfa yawo. Ankandiseka kuti kwathu timadya mbewa, ine n'kumawabwezera kuti kwawo amasiya mkaka uwole kaye ndiye azinyambita milomo. Chambikocho ndinadzachikonda pambuyo pake, koma sindinawauze.

Pa ntchito ya mafunso ndiye analibe nthabwala. Ankaphunzitsa alembi kuti funso ndi mlendo, liyambe lati odi. Mlembi wina wa ku Mlare anabwera ndi mafomu oyera bwino, opanda banga, ndipo Adada anangowanunkhiza n'kumubwezera. Anati fomu yomwe yafikadi m'mudzi imamveka utsi ndipo imakhala ndi chala cha mwana penapake. Awa analembedwa pansi pa mtengo wa mango. Mlembiyo anavomera. Kale lonse, mafomu akabwera, a Mwangosi ndiwo ankawerengetsa mayankho pamanja, funso ndi funso, pa pepala lalikulu lolembedwa mizere ndi rula. Ankachedwa, koma palibe amene anawapezapo ndi cholakwa.

Kenaka kunabwera kompyuta. Inapatsidwa chipinda chakechake, fani yakeyake, ndi nsalu yofunda. Polowamo tinkavula nsapato. Jenereta inkalira chifukwa cha iyo, ndipo inkazimitsidwa 4 koloko masana kuti mafuta asathe. A Mwangosi anaima pakhomo tsiku loyamba, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Nachisale, kwanu munthu wobwera, wodya bwino, wosadziwa dzina la aliyense m'mudzi, mumati chichi?"

"Mkamwini, Adada."

"Eya. Ofesi yapeza mkamwini."

Dzinalo linakhazikika. Iwo sanavule nsapato, choncho sanalowemo. Tinakangana kambiri za makinawo, ine ndikuti ntchito ya mwezi ikutha masiku atatu, iwo akuti kufulumira kwa mbuzi yomasuka. Ndinkawaona ngati nkhalamba yansanje yomwe yalandidwa rula yake, ndipo mwina pang'ono zinali choncho.

Ndifotokoze mmene ndinkagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Fomu iliyonse inali ndi timabokosi kumphepete kwa dzanja lamanja, mmene mlembi ankaikamo yankho la nambala. Ine mafunso sindinkawawerenga. Anatiphunzitsa kuti diso likhale pa bokosi, chala pa batani; wowerenga mafunso amachedwa. Ndinkangotaipa nambala ya nyumba, kenaka manambala anayi motsatana, nyumba iliyonse mzere wake. Kompyuta payokha sinkadziwa kuti nambala iyi ndi ya chiyani. Inkauzidwa ndi mzere umodzi wa pamwamba pa pulogalamu yowerengetsa, pomwe tinkalemba mayina motsata fomu ya boma: ng'ombe, anthu a m'nyumba, matumba a mpunga okolola, maekala omizidwa ndi madzi. Nambala yoyamba inkatengedwa ngati ng'ombe, yachiwiri anthu, choncho mpaka kumapeto.

Chaka chomwecho mitsinje inasefukira ku Kaporo mpunga uli pafupi kucha. A Mwangosi kwawo kunali komweko, ndipo anapitako ndi alembi awo, njinga ataisenza pamutu m'malo ena. Anabwera ali chete. Masiku amenewo mawu oti njala sankatchulidwa mokweza. Ukayenda unkasiya phazi, osati mlomo. Manambala okha ndiwo ankaloledwa kudandaula. Kulikulu anati atumiza mbewu ya mpunga kumadera omwe kafukufuku wathu aonetse kuti aonongekeratu, ndipo dera losaoneka pa mndandanda silidzalandira kanthu. Anthu a ku Kaporo anali atataya ndi mbewu yomwe.

Ndinataipa mafomu onse, a ku Ngara, a ku Mlare, a ku Kaporo. Lachisanu m'mawa pulintala inalira kwiii kwiii, n'kutulutsa tebulo la zotsatira. Bwana Makwinja anali munthu wa ku Mulanje, wamfupi, wodekha, wokonda mapepala oyera. Analiwerenga, nalemba mndandanda wa madera olandira mbewu, nasaina, n'kupita kumsonkhano wa chipani pa boma. Galimoto yotenga mndandandawo ndi disiketi inali yoti inyamuke kupita ku Mzuzu jenereta ikazima. Kaporo panalibepo. Tebulo linkati kumeneko ndiko anakolola kuposa kwina konse, ndipo madzi anangonyambita pang'ono.

Nthawi ya chakudya itadutsa ndinamva kugogoda. A Mwangosi anali pakhomo la chipinda cha kompyuta, tebulo lija lili m'manja, nsapato zili pambali. Masokosi awo anali obooka pachala chachikulu. Sindinaseke.

"Nachisale, mkamwini wanu akuti kwathu takolola chomene."

"Makina sanama, Adada."

"Yayi, mama. Ine madzi aja anandifika m'chiuno. Muuzeni atulutse nyumba imodziimodzi, osati zophatikiza izi."

Ndinang'ung'udza kuti mapepala atha, koma ndinatulutsa. Anakhala pampando wanga, navala magalasi, natsetsereka ndi pensulo pamzere woyamba. Pensulo inaima.

"Nyumba iyi ili ndi ng'ombe imodzi ndi theka."

Ndinasuzumira. Zinalidi choncho.

"Ilibe munthu ngakhale mmodzi. Koma yakolola matumba asanu ndi anayi. Kasi akolola ndi ndani, theka la ng'ombe lija?"

Ndinali nditataipa ng'ombe ya theka ndi chala changachi, osaphethira n'komwe. Ndinayamba kulira kuti ndachotsedwa ntchito basi. Koma nditawayang'ana, ndinaona kuti nkhope yawo yatuwa kuposa yanga. Anatuluka opanda nsapato, nabwera ndi mafomu awiri, ya ku Ngara ndi ya ku Kaporo, n'kuwaika pamodzi patebulo. Ankaoneka ofanana, mabokosi anayi uku, anayi uku. Koma mafunso sanali pamalo amodzi.

Anandiuza motsitsa mawu. Fomu ya boma inkayamba ndi ng'ombe. Kwa Ankhonde ng'ombe ndiye chuma, ndiye ukwati, ndiye ulemu wa bambo, ndipo zina zimakhala zosungitsa kwa abale. Masiku amenewonso munthu wobwera ndi pepala n'kufunsa za ng'ombe, mawa lake kunkabwera ena kudzatenga imodzi kuti ndi mphatso ya kumsonkhano. Ukayamba ndi funso limenelo mwini nyumba ankatseka pakamwa, ndipo mayankho onse otsatira ankakhala abodza. A Mwangosi analembapo kalata kulikulu kupempha kuti mafunso asinthidwe malo, koma sanayankhidwe. Ndiye zaka zingapo m'mbuyomo anadula sitensulo yawoyawo, n'kumapukusa nayo pa makina osindikizira mafomu a ku Kaporo okha. Ankayamba ndi madzi, chifukwa munthu amene munda wake wamira ali ngati woferedwa, umayamba wamupepesa. Kenaka mpunga umene wapulumuka, kenaka anthu odya mpungawo, ndipo ng'ombe pamapeto, mwini nyumba atakupatsa kale mpando. Pamene ankawerengetsa pamanja sizinkavuta, poti iwo ankawerenga funso lililonse. Sanaganize kuti mkamwini sawerenga mafunso.

Ndiye ekala imodzi ndi theka yomizidwa inasanduka ng'ombe. Banja losakolola kanthu linasanduka nyumba yopanda anthu. Ana asanu ndi awiri ndi makolo awo anasanduka matumba a mpunga. Ndipo mmphawi wopanda ng'ombe anaoneka ngati madzi sanamukhudze.

Apa ndiye pamene ndimawakumbukira a Mwangosi. Palibe amene akanadziwa. Bwana anali atasaina, galimoto ikanapita, ndipo anthu akanati boma latiiwala monga mwa masiku onse. Kusintha fomu ya boma popanda chilolezo, kenaka n'kutulutsa manambala oti kwanu kuli njala, unali mlandu woti munthu ankatengedwa osauzidwa kopita. Iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine. Koma funso lawo linali limodzi.

"Kutaipanso onsewa, masiku angati?"

"Atatu, Adada. Galimoto inyamuka pasanathe maola awiri."

Anayang'ana kompyuta ngati akuiona koyamba.

"Kasi iyeyu amadziwa bwanji kuti nambala iyi ndi ng'ombe?"

"Sadziwa. Ndimamuuza ine pamzere uwu wa pamwamba."

"Ndiye manambala ali bwino, mayina ndiwo akhala pamipando ya eni ake?"

"Eya."

"Basi muuzeni mayinawo mwa Chikaporo."

Ine wa satifiketi sindinaganize zimenezo. Anatenga chikuto cha faelo yakale, nachidula ndi lumo lawo timakadi tinayi, nalemba ndi pensulo: NG'OMBE, ANTHU, MPUNGA, MADZI. Anatiyala patebulo motsata fomu ya boma, kenaka anatisuntha mmodzimmodzi kuti titsate fomu yawo, madzi patsogolo, ng'ombe kumbuyo. Anati ndisakhulupirire mutu wanga, ndiziyang'ana makadiwo.

Ndinayamba ndakopera disiketi, kuopa kuti ndingafufute zonse mwangozi. Ndinapatula mizere ya ku Kaporo, zomwe sizinavute poti manambala a nyumba zakumeneko ankayamba mofanana. Ndinalemba mzere wa mayina watsopano motsata makadi. Makina anakana. Ndinali nditadumpha chilembo chimodzi pa dzina la mpunga.

"Mkamwini wakwiya?"

"Adada, chonde khalani chete."

Aka kanali koyamba kuwalankhula choncho, ndipo anamvera. Nditakonza, makina anavomera. Kenaka a Mwangosi anabweza makadi aja mwa dongosolo la boma, ine n'kulamula pulogalamu kuti isunge Kaporo mayina atasanjidwa choncho, ng'ombe poyamba, madzi pomaliza, kuti igwirizane ndi madera ena. Ndinaphatikiza zonse. Sanalole kuti ndithamangire tebulo. Anatola mafomu khumi pamulu, n'kumawerenga mokweza, ine ndikuyang'ana pagalasi la kompyuta. Nyumba ija inapeza anthu ake asanu ndi anayi, mpunga inalibe, ng'ombe inalibe, ndipo munda wake wonse unali m'madzi. Chinali chomvetsa chisoni, koma ine ndinasangalala ngati ndatola ndalama, poti chinali choona.

Pulintala ikumaliza tebulo latsopano, Bwana Makwinja analowa, baji ya chipani ili pachifuwa. Anayang'ana mapazi a a Mwangosi, nayang'ana pepala. Kaporo inali pamwamba pa madera onse oonongeka.

"Izi zasiyana ndi za m'mawa. Chachitika n'chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinalakwitsa ndine, zomwe sizinali bodza kwenikweni. A Mwangosi anandiletsa ndi dzanja. Anaimirira, nakonza tayi, n'kupereka mafomu awiri aja.

"Bwana, mwana uyu alibe mlandu. Fomu ya ku Kaporo ndinaisintha ndine, kale chomene, popanda chilolezo. Mundichite chimene mukufuna, koma mndandanda uja usapite mmene uliri."

Panja jenereta inkangolira. Bwana anawerenga fomu ya ku Kaporo kuyambira pamwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ndinkaona kale Adada ali kumbuyo kwa galimoto ya polisi ndi masokosi obooka aja. Kenaka Bwana anaitembenuza fomuyo chafufumimba patebulo.

"Jenereta iyi imasokosa kwabasi," anatero. "Sindinamve chimene mwanena, a Mwangosi, ndipo musachibwereze. Mayi, ndipatseni pepala loyera."

Anang'amba mndandanda wa m'mawa tizidutswa ting'onoting'ono, natiika m'thumba la jekete lawo, nalemba wina. Akusaina, jenereta inazima. Dalaivala anaimba hutala panja. Galimoto itatuluka pageti ndinangokhala pansi pasimenti n'kuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. A Mwangosi anavala nsapato zawo mosafulumira, natola makadi awo, n'kunena liwu limodzi la kwawo lothokoza, "Ndaga," osayang'ana aliyense.

Sitensulo ija anaiwotcha mawa lake. Koma musaganize kuti anagonja. Anaphunzitsa alembi kufunsa mwa Chikaporo ndithu, madzi poyamba, koma pensulo izilumpha kukaika yankho m'bokosi lake pa fomu ya boma. Anayambanso kulowa m'chipinda cha mkamwini, ndipo tebulo lililonse lisanapite kwa Bwana ankafuna aone kaye nyumba khumi, imodziimodzi. Batani sanaligwirepo mpaka anapuma ntchito. Bwana Makwinja nkhaniyi sanaitchulenso, kupatula pa Khirisimasi, tikamagawana nyama ya ofesi. Ankakweza mwendo wa ng'ombe n'kufunsa ndi nkhope yozizira kuti, "A Mwangosi, theka lina lija munalipeza?" Anthu ena ankaseka osadziwa chimene akuseka.

Mbewu inafika ku Kaporo mvula isanayambe. Ndinapita nawo tsiku logawa. Mkulu wina wa imvi anagwira dzanja la a Mwangosi ndi manja onse awiri, akuti mwana wathu ndiye watilembera, ndaga, ndaga. Adada ankangoyang'ana pansi. Pobwerera anandiuza kuti palibe chowawa ngati kuthokozedwa chifukwa chozima moto umene wayatsa wekha. Ndinawayankha kuti moto ambiri amayatsa, koma amene amabwerera ndi ndowa ndi ochepa. Anati ndasiya kutaipa ndayamba ulaliki. Pa mfundo imeneyi sitinagwirizanepo, ndipo nditawachezera komaliza, atapuma ntchito kwawo ku Kaporo, maso atachita khungu pang'ono, tinakanganabe za yomweyo mpaka tiyi anazizira.

Kumaliro ndinafika mochedwa, ataika kale. Ulendo wochokera ku Ntcheu si wamasewera pa msinkhu wanga. Amayi amene anandilandira sanayambe ndi kufunsa kuti ndine yani. Anafunsa za njira, za mvula ya kwathu, ngati mlatho ndinaupeza bwino, ndipo dzina langa anafunsa nditamwa kale madzi. Ndinamwetulira ndekha.

Tusekile ananditengera pakhonde. Mpando wawo wa nsungwi unali pomwepo, utakhota mbali imene ankatsamira. Njinga inali yopachikidwa kudenga, matayala ataphwa. Kutsogolo kwa nyumba, minda ya mpunga inali yobiriwira mpaka kumene diso limalekeza. Pawindo panali chitini cha mapensulo, lumo lochita dzimbiri, ndi timakadi tinayi tachikasu, tofewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Amama, izi mukuzidziwa?" anafunsa Tusekile. "Bambo sankalola munthu kuzikhudza. Dzulo ndinazichotsa popukuta fumbi, ndiye ndangozibwezera mmene ndaonera."

Anali ataika ng'ombe patsogolo.

Ndinasuntha makadiwo mmodzimmodzi: madzi, mpunga, anthu, ng'ombe kumapeto. Kenaka ndinamuuza Tusekile kuti atenge mkeka, osati mpando uja, akhale pansi ndimuuze za bambo ake.